Mikono ya yunifolomu ya amayi

Lero ndikusita malaya akusukulu, fungo la nsalu yotentha landikumbutsa tsiku limene ndinakwanitsa zaka eyiti. Amayi anawaitananso kuntchito yosamalira okalamba, keke yanga isanadulidwe n'komwe.

Mayi wina wa ku Vietnam, woyandikana nafe ku Thamesmead mumzinda wa London, anali atandiphunzitsa kusoka pamanja, komwe kwawo amati "khâu". Ndiye amayi anga akusamba, ndinasoka n'kutseka mikono yonse iwiri ya yunifolomu yawo imene anali atangoisita, ikadali yofunda. Ndinasoka mwaluso, ndipo sindinapepesepo.

Atavala, dzanja osatuluka.

"Iwe mwana iwe! Basi indisiya!"

"Izipita. Inuyo mukhale."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kudula ulusi ndi mano, n'kuthamanga. Ndinatsala pawindo, singano ili m'manja, ndikuwaona akukwera basi, ulusi wanga wofiira ukulendewera pamkono pawo.