Achule m'maziko a nyumba yathu

Ndikamva fungo la njerwa zongophulidwa kumene pa uvuni, lija losakanikirana utsi wa nkhuni za bulugamu ndi dothi lopsa, amene amandibwerera m'maganizo ndi agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, atakhala pakampando kuseri kwa nkhokwe, chipewa chong'ambika m'mphepete chili pabondo, khutu atalozetsa kudambo. Kwathu ku Kabudula aliyense ankawatchula kuti a Kalavati, chifukwa pa unyamata wawo anagwira ntchito ya misewu, kukumba ngalande ndi kuika makalavati kuyambira ku Nsanje mpaka ku Rumphi.

Anthu ena akayenda amabwerako ndi nkhani za mowa ndi za mabwana ankhanza. Agogo anabwerako ndi achule ndi abuluzi. Ukawafunsa za ku Nsanje, ankakuuza za ng'azi zazikulu zowothera dzuwa m'mphepete mwa Shire, ndi achule olira mitundumitundu mpaka munthu osamva zimene mnzake akunena. Ku Mulanje, m'nkhalango zonyowa za m'munsi mwa phiri, ankati anaonako tinanzikambe tochepa ngati chala cha mwana, tamchira waufupi, toyenda pansi m'masamba ouma, timene sanationenso kwina kulikonse. Ku Nyika ankati kunali kuzizira kokhakokha, ndipo masabata ankatha osakumana ndi njoka. Ankanena kuti kumene kuli kutentha ndi chinyezi pamodzi, zokwawa ndi zodumpha zimachuluka mitundu, koma chimodzi chikachepa, nazonso zimachepa. Kwathu ankakunyoza mwachikondi, ati achule ake munthu amatha kuwawerenga ndi khutu zala za m'manja zisanathe. Agogo aakazi akatopa nazo ankangoti anzawo anabwera ndi wailesi, iwo anabwera ndi achule.

Ife tinabwera kudzakhala nawo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abambo anali atatopa ndi utenanti wa fodya ku Kasungu, ndiye anavomera kudzakhala chikamwini kwawo kwa amayi. Tinafika mu Ogasiti, n'kufikira m'khitchini yakale ya agogo, anthu anayi, mikeka yonunkha utsi, mwaye ukutigwera kumaso. Mlongo wanga wamng'ono, kamnyamata, ankatsokomola osalekeza. Abambo ndi amayi anaumba okha njerwa pachulu, tsiku ndi tsiku mpaka manja kung'aluka, ndipo zinapsa bwino, zofiira, zolira ukazigogoda. Njerwa zimenezo ndizo zinali chuma chathu chonse.

Amalume anaonetsa abambo malo a amayi, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, n'kuwauza kuti asankhe okha pomanga. Abambo kwawo kunali kumapiri a ku Dedza, kumene madzi a mvula sachedwa kutsetsereka, ndiye ataona malo osalala ngati mphasa, pafupi ndi chitsime, opanda ndi mwala womwe, mtima unagwa pomwepo. Amayi anayesa kunenapo kuti ali mwana ankaonapo madzi pamenepo, koma abambo anati mvula ya masiku ano si yakale. Anthu a m'mudzi ankangodutsa, kupereka moni, kuyamikira zingwe zowongoka za maziko, n'kupitirira. Abambo anga anali munthu wabwino, koma uphungu sunkawalowa msanga, ndipo ndikuganiza kuti ena ankafuna aone mmene mkamwini wodziwa zonse athere.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, abambo anali kukumba maziko ndi piki, ine ndikuchotsa dothi ndi ndowa. Dothi lake linali makande, lakuda, lolimba ngati simenti. Piki inagwetsa chibuma, chibumacho n'kugwedera. Anali chule wamkulu, wonenepa, wokutidwa ndi kakhungu kouma ngati pepala, maso ali chitsinzire. Patsogolo pang'ono panatulukanso wina. Abambo anangowaponyera kumbali ndi fosholo, koma ine ndinatola mmodzi m'chitini n'kuthamanga naye kwa agogo, poti pakhomo pathu chilichonse chokwawa chinkakaweruzidwa kumeneko.

Agogo anamuuzira fumbi, kumutembenuza mosamala, n'kundifunsa komwe ndamupeza. Nditawauza, nkhope yawo inasintha. Anandifotokozera kuti cholengedwa chilichonse chili ndi kwawo: gulo amakonda mitengo ndi miyala ya kumtunda, finye uja wodzitukumula amakhala m'minda ya mchenga, koma chule ameneyu amadzikwirira pafupi ndi pomwe madzi amaima nthawi yaitali, yokwanira kuti ana ake amere miyendo. Atatero anavala chipewa, n'kunditsatira.

Atafika anavulanso chipewa chija, kupereka moni wonse bwinobwino, kuyamikira kuwongoka kwa ngalande monga munthu woidziwa ntchitoyo. Kenako anati, “A Mbewe, ndabwera kudzapempha. Musaike njerwa pano mpaka mvula igwe katatu.”

Abambo anatsamira piki. “Bambo, ana akugona mu utsi. Kodi ndisiye kumanga chifukwa cha chule?”

“Musiye chifukwa cha ine. Chuleyu ndi mboni chabe.”

Mkamwini sangakanire apongozi amene agwira chipewa m'manja. Abambo anafunditsa njerwa udzu, n'kupita kukalima mizere atakwinya nkhope. Masabata amenewo anali owawa kwa ine. Mlongo wanga akatsokomola, abambo ankandiyang'ana n'kuti, iwe ndi chitini chako. Ndinkaopa kuti mwina agogo alakwitsa, ndipo ine ndi amene ndachedwetsa nyumba. Sindinapempherepo mvula ngati mmene ndinapempherera chaka chimenecho.

Mvula yoyamba inagwa, dothi n'kuimwa yonse. Abambo anadutsa kuseri kwa nkhokwe akuuza amayi mokweza kuti pamalo paja m'pouma gwa. Yachiwiri inangosiya matope. Agogo sanatekeseke. Madzulo, nkhuku zikulowa, ankandikhazika pambali pawo kuti tizimvetsera kudambo, n'kumandisiyanitsira mawu: awa olira ngati timabelu ndi achule a pabango, uyo wokokera ngati akupala mphika ndi wa pakhomo, ndipo wathu uja ankati sanadzuke.

Yachitatu inabwera mu Disembala, n'kugwa masiku atatu osakata. Mmawa wa tsiku lachinayi tinatsetsereka tonse kukaona. Ngalande sizinkaoneka. Panali thamanda lofika m'mawondo mwanga, mitu ya zikhomo yokha ikusuzumira pamwamba pa madzi, ndipo pakati penipeni pa chipinda chimene abambo anati chidzakhala changa panali achule akuluakulu atatu, akulira ndi mawu okhuthala ngati ng'ombe ili kutali. Patangotha masiku ochepa, chipinda chochezera chinadzaza mbululu. Madziwo anakhalapo mpaka mu Malichi.

Abambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana zikhomo zawo. Ine ndinkadikira kuti agogo abwere adzanene mawu aja amene akuluakulu amakonda kunena zikatero. Anabweradi, koma akukankha wilibala yobwereka, n'kungofunsa kuti tiyambira mbali iti ya uvuni. Tinatuta njerwa masiku anayi kupita kumtunda, pa katondo wofiira pansi pa mtengo wa muwanga, pomwe gulo wamutu wabuluu ankatigwedezera mutu. Ine ndinkanyamula ziwiriziwiri pamutu, ndikusangalala mosabisa.

Tsiku lomaliza, atakhala pamulu wa njerwa akumwa thobwa, abambo anafunsa agogo chifukwa chimene anadzivutira, mudzi wonse utangokhala chete. Agogo anayang'ana kumunsi, kuthamanda kuja.

“Nyumba yanga yoyamba inali pomwe munakhoma zikhomo zanu,” anatero. “Inagwa mu Januwale, amayi a anawa ali khanda la miyezi iwiri. Tinatuluka khoma likutsamira kale. Apongozi anga ankadziwa, koma anati mkamwini aphunzire yekha.”

“Nanga bwanji simunandiuze zimenezi tsiku lija?”

“Manyazi, a Mbewe. Kuloza chule n'kosavuta kusiyana ndi kuloza khoma lako logwa.”

Abambo anaika chikho pansi. Kuyambira tsiku limenelo sankadzala ngakhale nthochi asanapite kaye kuseri kwa nkhokwe. Chipinda choyamba tinalowamo mu Febuluwale, mvula ili mkati, denga la udzu likununkhira, ndipo chifuwa cha mlongo wanga chinatha. Nyumbayo ilipo mpaka lero, inangosintha denga. Agogo anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo ndimathokoza kuti ndinakula nawo.

Tsopano nanenso ndine apongozi a munthu. Chaka chatha mwamuna wa mwana wanga wamkazi, mnyamata waulemu wa ku Mitundu, anakhoma zikhomo zake pamalo osalala bwino, kumunsi kwa munda wanga wa mtedza. Mwambo umati ndizimuzemba, tizilankhulana kudzera mwa mkazi wake, aliyense atayang'ana kumbali. Ine ndinamanga chitenje, n'kutsetsereka ndekha dzuwa lili pamutu, ndipo ndinakhala pansi patsogolo pake. Ndinayamba ndi khoma la agogo. Achule ndinawatchula pambuyo.