Chala cha Yonasi

Lolemba lapitali ndinalandira alendo amene sindinawaitane. Ndinali pakhonde, ndikulimbana ndi mutu wachitatu wa nkhani imene yandikanika chiyambire mvula yoyamba, pamene njinga inaima pabwalo. Anatsika a Ngozo a ku Champiti, bambo wachikulire, atavala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Pakaliyala panali mlongo wawo, mayi Nangozo, atafumbata nyuzipepala yopindidwa bwinobwino.

Nditaona nyuzi ija mtima unati myaa. Mlembi ndi munthu wanjala ya kuyamikiridwa, owerenga anzanga. Ndinati lero ndiye abwera kudzanditama.

Tinapatsana moni, tinakamba za mvula ndi za mbatatesi zimene zikuola m'minda. Kenaka a Ngozo anakonza pakhosi.

"Aphunzitsi, nkhani iyi tiione ndi maso awiri, mwana wa mayi. Tabwera kuti mutiuze mudzi wa ku Bwanje kumene kuli mkazi uja."

"Mkazi uti?"

"Mkazi wa Yonasi. Amene munalemba umu."

Ndikukumbutseni. Mwezi watha m'nyuzi muno munatuluka nkhani yanga yopeka ya Bizaliyele, wokonza njinga wokoma pakamwa, amene ankafunsira mtsikana wa kumapiri chikhalirecho ali ndi mkazi ndi ana ku Bwanje. Bizaliyele kulibe. Sanabadwe kwa mayi aliyense, ndinamuumba ndekha patebulo langa la mwendo wotsimphina. Koma pomuumba ndinamupatsa chala cha mkombaphala chodukira pakati, chodyedwa ndi tcheni cha njinga.

Tsono pa Manjawira pali wokonza njinga mmodzi yekha wa chala chotero. Ndi Yonasi, mnyamata wofatsa, woimba kwaya, amene Loweruka lino amayenera kuchita chinkhoswe ndi Eneresi, mwana wa mayi Nangozo. A Ngozo ndiwo ankhoswe a kuchikazi.

"Chinkhoswe taimitsa," anatero mayi aja. "Mwana wanga sakudya. Ine sindingamupereke ku mitala yobisa."

Ndinaseka, ndipo kusekako ndiye kunaipitsa zinthu. Ndinawauza kuti zonsezo n'zopeka.

"Zopeka ndiye kuti chiyani?" anafunsa a Ngozo.

"Ndiye kuti sizinachitike. Ndinangoziganiza."

"Ndiye kuti mabodza."

"Tingatero, koma..."

"Chabwino. Ngati munanama m'nyuzi, pamaso pa dziko lonse, ife pano tidziwa bwanji kuti simukunamanso pofuna kumubisa mnzanuyo?"

Inu mukanayankha chiyani? 

Anthu amaganiza kuti wolemba nkhani amakhala m'nyumba, kutseka chitseko, n'kudikira kuti nzeru zigwe kuchokera kudenga. Kudenga kwanga kumagwa chiswe basi. Ntchito yanga yeniyeni imachitika tsiku la msika. Ndimapalasa njinga mpaka pa Manjawira, ndimaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pachipata monga aliyense, kenaka ndimakakhala pakhonde la sitolo ya Che Saidi, pafupi ndi telala. Pamenepo ndimamwa tiyi pang'onopang'ono, osalankhula zambiri. Wina akudandaula za mlamu wake. Wina wabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi koma mkazi anamupeza atakwatiwa. Wina amayamba wakanda khutu asanakane ngongole. Ine ndimangotola.

Mayi a kunyumba amati ndili ngati nkhuku, chilichonse chili pansi n'changa.

Ndikafika kunyumba ndimayamba kusoka. Mayendedwe a uyu, chipewa cha uyo, mkwiyo wa malemu agogo anga aamuna. Ndimalemba, ndimafufuta, ndimawerenga mokweza mpaka ana amaganiza kuti m'nyumba mwalowa mlendo. Munthu wa m'nkhaniyo akayamba kundiyankha yekha, ndimadziwa kuti wapsa, ndipo ndimakabwereka makina otayipira ku mishoni. Koma kuti ayambe kupuma pamafunika kanthu kamodzi koona, kamene palibe angakapeke. Kwa Bizaliyele kanthuko kanali chala. Ndinachiona tsiku lina Yonasi akumata chubu changa, mmene amagwirira sipanala ndi zala zotsalazo, ndipo ndinachisirira.

Zonsezi ndinayesa kuwafotokozera alendo anga. A Ngozo anangopukusa mutu n'kunena kuti utsi sufuka popanda moto. Yonasi ku Bwanje amapitadi, amakakonza njinga za alimi a mpunga. Chala chikugwirizana, njira ikugwirizana. Chatsala n'chiyani?

Ndiye ndinawapempha nyuzi ija, n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndikuima paliponse pamene pali chigamba.

"Chala ichi n'cha Yonasi, ndavomera. Chipewa cha nthenga ichi n'cha mlamu wanga. Kuyenda kotaya mwendo uku n'kwa kondakitala wa basi ya ku Balaka."

Mayi Nangozo ankamvetsera, nkhope ili gwaa. Ndinafika pamene Bizaliyele wagwidwa, akuyesa kudzipulumutsa pamaso pa makolo a mtsikana. Ndinawerenga mmene ndinalembera: "Nkhani iyi tiione ndi maso awiri, mwana wa mayi."

Mayi aja anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, amenewa si mawu anu?"

A Ngozo anayang'ana kumbali.

"Inunso ku Bwanje mumapita. Mumati mukukagula mpunga. Ndi mpunga wokha?"

Kunena zoona, ndinadziluma mlomo kuti ndisasekenso. Mayi aja ndiye anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, koma a Ngozo sanaseke ngakhale pang'ono. Anandifunsa kumene ndinawatenga mawu awo. Ndinati pakhonde pa Che Saidi, tsiku lija ankatsutsana ndi wogula ng'ombe.

"Ndiye mukamakhala duu paja, ife n'kumati aphunzitsi ndi munthu waulemu, mumakhala mukutitola?"



Anagamula kuti zimene ndanenazo ndikazinene pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Lachitatu ndinakwera mapiri a ku Champiti, ndinakhala pamphasa, ndinawerenganso nkhani yonse ndikulozera mwini wa chigamba chilichonse. Yonasi anakhala pambali, dzanja lili m'thumba. Eneresi ankasuzumira pakhomo la khitchini. Akuluakulu atanong'onezana anati chinkhoswe chichitike Loweruka monga anapanganira, ngakhale ndinamva kuti mayi Nangozo atumabe munthu ku Bwanje kukafunsafunsa. Sindikuwadzudzula. Mwana ndi wawo.

Potsazikana Yonasi anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanakalipe. Anapopa tayala langa lakumbuyo osamupempha, kenaka anati: "Aphunzitsi, chala ichi chinandipweteka kamodzi, tsiku la tcheni. Sindinkadziwa kuti chidzandipwetekanso."

Ndinachita manyazi, ndipo njira yonse yotsetsereka ija sindinaimbe mluzu.

Ndakhala ndikuganiza. Bwanji ife mawu akalowa m'nyuzi timawapatsa ulemu woposa wa munthu amene timamuona tsiku ndi tsiku? Yonasi wakhala pa Manjawira chibadwire. Amene amamudziwa ndi ambiri, amene anamuona ndi mkazi ku Bwanje palibe. Koma pepala limodzi linatsala pang'ono kugonjetsa onsewo. Kwathu kuno chodindidwa timachiopa, timati chachokera kwa akuluakulu, sichinganame. Agogo akamaimba nthano sitinkapita kukafufuza mudzi wake. Nthano yomweyo ikavala inki, tayamba kukwera njinga.

Komabe mlandu wonse si wa owerenga. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga mlomo ndinausiya m'nyuzi, ndipo unanditsata mpaka pakhonde. Chipewa munthu amavula, mawu amatha kuwakana. Chala angachivule?

Dzulo linali tsiku la msika. Ndinafika pa Che Saidi nthawi yanga yomwe ija, ndipo ndisanaimike njinga macheza anazima. Anthu masiku ano samukonda munthu womvetsera kwambiri, zifukwa zake mukuzidziwa, ndipo ine ndawapatsa chifukwa china chatsopano. Bambo wina wa chipsera patsaya anatembenukira kukhoma. Wokanda khutu uja anapinda manja. Makina a telala okha ndiwo ankalankhula.

Che Saidi anandithirira tiyi mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Imwani, aphunzitsi," anatero. "Koma makutu muziwasiya panjinga."

Ndinamwa, ndinalipira, ndinabwerera chimanjamanja.

Lero m'mawa ndabwerera ku mutu wachitatu uja. Munthu wanga watsopano ndamupatsa zala khumi zamphumphu. Alibe chipsera, alibe chipewa, alibe mawu amene munthu wa m'boma la Ntcheu angati ndi ake. Palibe chinkhoswe chimene angaimitse. Ndamuwerenga mokweza kangapo, koma sakundiyankha, wangogona papepala ngati thumba la chimanga.

Mawa ndikupita kukadya chinkhoswe cha Yonasi ndi Eneresi, andiitana. A Ngozo atumiza uthenga woti andikhazika pafupi ndi ng'oma, pamene sindingamve kanthu.

Tsono ndikufunseni inu amene mumafuna nkhani yokoma mwezi uliwonse: ndani mwa inu angandibwereke chala chake?