Bizwell Chulu, wapampini wa chitsime

Anthu a ku Chiparamba amatunga madzi pachitsime cha kusukulu ngati chinamera chokha. Ukawafunsa za Bizwell Chulu amangoti chidakwa chija. Oterowo ndi ana a anthu omwe ankamuthirira mowawo. Ine ndinali mphunzitsi pasukulupo m'zaka za Chitaganya, ndipo ndinaona ndekha.

Bizwell anali m'gulu lokumba zitsime lochokera ku Fort Jameson. Iye sankakumba. Anali wamtali, wamapewa ngati goli la ng'ombe, choncho anamuika pampini wopukusira chingwe, kutsitsa wokumba ndi kukweza ndowa ya miyala. Amene ali pansi amaona kumwamba ngati kambale, ndowa ikulendewera pamutu pake.

Mudzi uliwonse unkafululira okumba mowa monga pa dima. Mwini mowa akalawa kuchotsa ufiti, chikho choyamba chinali cha wapampini, ati manja alimbe. Kapitawo wawo, Boaz Miti, ankauteteza mwambo wopusawu ngati lamulo la Mose. Bizwell anamwa zikho zoyambazo zaka ndi zaka mpaka masese anamuchepera, n'kuyamba kugona ndi botolo la kachasu kumutu. M'mawa asanalawe, manja sankagwira ngakhale batani la malaya.

Ku Kasenengwa mpini unamupulumuka. Ndowa inagwera mchimwene wa mkazi wake, yemwe ankakumba pansipo, n'kumuthyola msana. Mzungu wa zitsime anauzidwa kuti chingwe chinali chakale. Felesita, mkazi wa Bizwell, anangomutengera mwamuna wakeyo kukaona wovulalayo akumwetsedwa phala chogona, kenako anamuuza kuti akadzamvanso fungo la mowa, adzapeza bulangete lake panja. Bizwell anali mkamwini, analibe kwina kolowera.

Anafika kwathu atangosiya kumene mowa. Thukuta linkachita kuyenderera, ankasanza kuseri kwa mulu wa dothi, ndipo ankasasa chingwe akuti pali linthumbu pomwe panalibe kanthu. Chitsime chinali chitazama moti mawu a wokumba ankamveka ngati ali mumtsuko. Ine ndinatsekera ana m'kalasi. Ndinkaopa kuti amva phokoso limene anthu a ku Kasenengwa anamva.

Edmond Shawa, yemwe inali nthawi yake yotsika, anakana. Anati Bizwell woledzera amamudziwa, watuluka wamoyo m'manja mwake kambirimbiri, koma uyu wonjenjemera ngati nkhuku yonyowa samudziwa. Amayi a m'mudzi anali atatula kale mitsuko ya mowa, ndipo ataona Bizwell akukana chikho anayamba kung'ung'udza kuti mlendo akuwayesa mfiti. Chikhocho chinazungulira enawo, n'kuzunguliranso, kenako Boaz anachidzaza n'kubwera nacho.

"Pang'ono chabe, a Chulu. Sitikuti muledzere. Manjawa akhale pansi basi."

"Mlamu wanga ali pamphasa, a kapitawo."

"Ndiye mukufuna akhale awiri, azichezetsana?"

Ena anaseka. Boaz anawonjezera motsitsa mawu kuti mzungu akubwera madzulo, ndipo akapeza ntchito itaima, iye sanamanso za chingwe chakale, ndende ya ku boma siinadzaze. Anamuyandikitsa chikho kumphuno. Ndinaona kholingo la Bizwell likukwera ndi kutsika, milomo itatseguka yokha. Mumtima ndinati basi, wagonja.

Koma anavula malaya, natola piki ya Edmond, naponda m'ndowa.

"Mpini gwirani ndinu. Nditsika ine."

Munthuyu anali asanatsikepo m'chitsime chibadwire. Ndipo onse otsala pamwamba anali atakhuta mowa. Ndinawauza kuti adikire mowa uwachoke. Boaz anandiyankha kuti aphunzitsi apite akaimbitse ana awo A ndi B. Mawu amenewo ndikanali nawo.

Edmond ndi Boaz anagwira mpini. Chingwe chinkatsika modukizadukiza, mpini ukulira, mutu wa Bizwell n'kumira m'dzenjemo maso ali tong'oo. Posakhalitsa piki inayamba kumveka. Ndowa zinkakwera zikugunda makoma. Dzuwa litafika paliwombo, mayi wina anaponya nthabwala, Edmond anacheuka kuti aseke, mpini unabwerera. Anaugwira, koma ndowa inali itapendekeka kale. Tinamva mwala ukugunda uku ndi uku, kenako phii.

Palibe anafuna kusuzumira. Amayi anagwira pakamwa. Ndinagona chafufumimba m'mphepete n'kuitana dzina lake, dothi likugumuka pansi pa zigongono zanga. Kunali zii. Ndinaitananso. Patapita nthawi chingwe chinagwedezeka, chizindikiro choti kwezani.

Anatuluka khutu litang'ambika, magazi mpaka m'chiuno, mkono wamanzere ukulendewera. Tsopano wonjenjemera anali Boaz. Anatulutsa botolo la kachasu m'thumba mwake, ati kutsukira bala ndi kubweza mtima. Bizwell analola kuti amuthire pakhutu, atakukuta mano, mowawo ukutsikira patsaya pafupi ndi pakamwa. Anapukuta ndi dzanja lomwe linali bwino, n'kulipukutanso padothi. Kenako anayang'ana Edmond.

"Kodi achimwene, mukakhala pansi paja, ine pampini ndinkaoneka ngati inu lero?"

Edmond anangowerama.

Mkonowo unapola mokhota, mpini sanaugwirenso. Anakhala wokumba mpaka gululo linatha, ndipo kwa Felesita sanachokeko. Mwambo wa chikho choyamba sunathe ayi, Boaz anauyendetsa mudzi ndi mudzi mpaka anapuma ntchito ndi ulemu wake wonse. Choncho m'mawa uliwonse Bizwell ankatsitsidwa ndi munthu wonunkha mowa. Nditakumana naye atakalamba anandiuza kuti ludzu silinamuchokepo ndi tsiku limodzi lomwe, koma likamugwira ali pansipo ankangokweza maso n'kuona ndowa, pakhosi n'kuuma kwina, kwa mantha.