Kantiri ya Ababa, Valimba ya Amayi

Bambo anga anapuma ntchito yodula nzimbe ku Nchalo ali ndi msana wopweteka, nsapato za gambutsi, ndi matenda a nyimbo za kantiri. Msana unkamva mankhwala. Gambutsi zinang'ambika, tinazidula n'kukhala zomangira njinga. Kantiri yokha ndiyo inawakanirira.

Kwa amene simuzidziwa, kantiri ndi nyimbo za azungu oweta ng'ombe, zija za gitala wolira mwaulesi, woimba wake wa mawu a m'mimba ngati wangodzuka kumene. Chingerezi cha bambo chinali cha kumunda, chongomvera kapitawo, koma ukawafunsa chimene mzunguyo akudandaula sankasowa yankho. "Uyu mkazi wamuthawa," ankatero. Ikabwera ina: "Uyu ng'ombe zamufera." Ikabwera yomvetsa chisoni kwenikweni, ankapukusa mutu: "Uyu ndiye zonse ziwiri." Ankati anthu amenewa ndi abale athu, chifukwa nawonso ali ndi fumbi, dzuwa ndi ng'ombe, kungoti iwo amakwera hatchi pamene ife timapalasa njinga. Pakhomo pathu panalibe ng'ombe ngakhale yobwereka, mbuzi zokhazokha, koma zimenezo sizinawaletse kugula chipewa chakhonde pa kaunjika ku Bangula. Chipewacho ankachivula m'tchalitchi mokha, ndipo monyinyirika.

Ine ndinali nditabwerera kwathu kwa Mbenje ukwati utandilavula. Nditangotula katundu, bambo anandiyang'ana mwachifundo n'kundiuza kuti nkhani yanga ili kale m'nyimbo. Ndinakwiya tsiku lonse. Kenako ndinayamba kuthandiza amayi kuwamba milamba ndi makakana, zomwe tinkagula kwa asodzi kudoko n'kukagulitsa pamsika.

Wailesi pakhomo inali imodzi, ya sola, yokhala ndi tochi kutsogolo ndi kabowo ka memori khadi pambali. Khadi nayonso inali imodzi, ya bambo, yodzaza ndi kantiri mpaka pakamwa. Nyimbozo anazitolera zaka zambiri, zina kwa oika nyimbo pamsika, zina kwa anzawo a kunzimbe omwe pano anabalalika, wina ku Mzimba, wina kumanda. Ankaikulunga m'kapepala n'kuibisa m'kati mwa chipewa. Ine mwana wawo sindinkaloledwa ngakhale kuipumira.

Sabata yonse wailesi inali ya bambo. Amayi anali ndi ola limodzi lokha, Lamlungu masana, pamene wailesi ya m'dera lathu inkaulutsa nyimbo za valimba, mangolongondo a kwathu kuno. Nthawi imeneyo bambo amakhala atapita kubawo. Amayi ankayala mphasa pansi pa mtengo wa nimu, kuika wailesi pamiyendo, n'kudikira. Pulogalamuyo inkayamba ndi nyimbo yomweyomweyo nthawi zonse. Choyamba munthu wamkulu ankatsokomola, kenako ankati m'Chisena, "Tendeni, aphale," kutanthauza kuti tiyeni anyamata, ndiye valimba n'kuyamba kulira.

Wotsokomolayo anali agogo, bambo awo a amayi. A wailesi anawajambula siteshoni itangotsegulidwa, ndipo wojambulayo mwina anaiwala kudula chifuwacho, mwina sankadziwa kadulidwe kake. Agogo anamwalira pasanapite nthawi. Valimba yawo ndi chithunzi chawo chimodzi chomwe tinali nacho zinapita ndi madzi osefukira. Chomwe chinatsala ndi chifuwa chija. Lamlungu lililonse agogo akatsokomola, amayi ankayankha motsitsa, "Pepani, baba," ngati ali nawo pamphasa pomwepo. Ndinkachita ngati ndikutembenuza nsomba kuti ndisaone nkhope yawo, chifukwa inkandiliza.

Tsono kantiri inafala ngati namasupuni. Poyamba inali ndi ola limodzi Loweruka, la madoda opuma ntchito ngati bambo. Posakhalitsa akabaza anayamba kuimangirira pahandulo, m'maminibasi a ku Nsanje inalanda malo a nyimbo za kwaya, ndipo ngakhale atsikana a pasaluni ankaing'ung'udza akuluka tsitsi. A wailesi anaona kuti Loweruka mafoni sapuma. Anaiwonjezera Lachiwiri, anaiwonjezera Lachisanu. Wogulitsa mankhwala a ng'ombe ndi wogulitsa masola anayamba kulimbirana kuti malonda awo azilengezedwa pakati pa azungu olirawo. Koma tsiku silitanuka ngati legeni. Ola lililonse lomwe kantiri inkalandira, wina ankalandidwa.

Tsiku lina muulutsi, mayi wa mawu okoma amene tonse tinkamudziwa, analengeza kuti ola la Lamlungu masana lili pamlandu. Anati amalonda sakhulupirira za pakamwa, akufuna kuona pulogalamu yomwe ilidi ndi anthu. Anapereka manambala awiri. Wofuna valimba ipitirire aflashe nambala iyi, wofuna kantiri aflashe inayo, foni iliyonse kamodzi. Kuflasha sikudya mayunitsi: umangoimba, ikalira n'kudula. Kwa anthu a kwathu, amene amatha kulengeza maliro ndi ukwati poflasha pokha, uku kunali kuitanira ng'ona kumadzi.

Bambo anaimirira, nakonza chipewa. Sanafunse kuti valimba ikuchotsedwayo akuimba ndani. Kwa iwo valimba yonse inali phokoso limodzi la zikuni. Chondipweteka n'chakuti tsiku lojambula lija ndi iwo amene ananyamula apongozi awo panjinga kupita nawo kusiteshoni. Koma mutu wodzaza ndi ng'ombe za azungu ulibe malo a zinthu zina.

Ndinati ndiwakumbutse. Amayi anandigwira dzanja.

"Usawauze."

"Amayi, akachotsa pulogalamuyi agogo tiziwamvera kuti?"

"Nkhabe, ndati usawauze. Ndikufuna ndione ngati angakumbukire okha."

Amayi anga akakhala chete amakhala ngati Shire m'chilimwe, pamwamba bata, pansi akukoka. Ndinawamvera, koma mtima unkandiwawa.

Kwathu kuno kuflasha nako ndi ntchito. Ukaima pena foni imagwira netiweki ya ku Mozambique, ukasuntha pang'ono imasowa yonse. Malo odalirika anali chulu chimodzi pafupi ndi doko. Ndipo asodzi akamalowa m'dambo sapita ndi mafoni, amaopa madzi, amawasiya kumtunda kwa munthu wokhulupirika. Sabata imeneyo munthu wokhulupirika anali bambo anga. Anafika kudoko ndi kasola kawo ndi chikwama cha shuga, n'kulengeza kuti akusunga ndi kutchaja mafoni ulere. Asodzi anawadalitsa. Mabwato atangolowa m'bango, bambo anakwera pachulu, chipewa pamutu, chikwama pakhosi, n'kuyamba kutulutsa foni imodziimodzi. Msana womwe unkawalepheretsa kutunga madzi tsiku limenelo unachira.

Ine ndinali pansi pa chulucho ndi beseni langa, kudikira nsomba. Ndinayesa kukopa amayi anzanga ogula nsomba kuti aflashe nambala ya valimba. Ena anavomera. Ena anati valimba amaimva kale pamaliro, asiyeni azungu atilirire. Mmodzi, amene ndinkamuyesa mnzanga, anakwera yekha pachulu kukapereka foni yake kwa bambo.

Tsiku lomaliza bambo anafika kunyumba thukuta lili kamukamu. Anayang'ana foni yanga, ndinawauza kuti ndaflasha kale, ndipo sanafunse nambala yake. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, tandibwerekeni kafoni kanuko. Kakungogona m'nsalu."

Amayi anali asanaflashe. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa foni, n'kuipereka ndi manja awiri, atagwada pang'ono monga mwa ulemu wawo.

"Takhuta," anathokoza bambo m'Chisena, n'kukwera njinga kubwerera kuchulu.

Ndinafuna kukuwa. Ndinakalipira mbuzi m'malo mwake.

Kantiri inapambana, ndipo sikunali kupambana kwa masewera. Bambo anayenda mudzi wonse kulandira moni ngati asankhidwa kukhala khansala. Lamlungu lotsatira sanapite kubawo. Anati ola limeneli analikhetsera thukuta, ayenera kulilandira ali pakhomo. Anakoka mpando pansi pa nimu, anapukuta wailesi ndi malaya.

Amayi anatuluka ndi mphasa yawo monga mwa masiku onse. Anayala, anakhala, anatambasula miyendo. Bambo anawamwetulira, poganiza kuti nawonso atembenuka mtima. Ola linakwana. Gitala analira, mzungu anayamba kudandaula za mkazi wake.

Amayi anadikirabe, mutu utapendekera kuwailesi. Nyimbo itafika pakati, ananena motsitsa, osayang'ana aliyense, "Lero baba sanatsokomole."

Ndinaona nkhope ya bambo ikusintha pang'onopang'ono. Anayang'ana wailesi, anayang'ana amayi, anayang'ana njinga yomwe inali itatsamira khoma, ija ananyamulirapo apongozi awo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi nyimbo ili m'kati, chinthu chomwe chibadwire ndinali ndisanaone.

"Bwanji simunanene?"

"Munawanyamula ndinu," anatero amayi. Anapinda mphasa n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake bambo anandiuza kuti ndikwere pakaliyala, tikupita kusiteshoni. Njira yonse sanaimbe mluzu. Tinapeza muulutsi uja akudya mandasi pakhonde, ndipo anali wamfupi kuposa mawu ake. Bambo anapereka moni wautali, kenako anapempha kuti ola la valimba libwerere.

"Pepani bambo, sizingatheke," anatero mayiyo. "Amalonda tagwirizana nawo kale. Anthu anasankha okha. Makamaka a kudoko la kwanu kuja, anaflasha ngati agwidwa mizimu. Sitinkadziwa kuti asodzi amakonda kantiri chonchi."

Bambo anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kumwamba, kuti ndisaseke pamalo olira.

Nditafotokoza za agogo, mayiyo anasiya mandasi ake. Anatilowetsa m'kachipinda kotentha ngati uvuni, nafufuza pakompyuta mpaka anawapeza. Sinali nyimbo imodzi yokha ija. Anali atawajambula masana onse, nyimbo zambiri, ndi macheza omwe, agogo akukalipira anyamata oimba nawo kuti akuthamanga.

"Muli ndi khadi? Ndikuikireni."

Bambo anazengereza. Kenako analowetsa zala m'chipewa osachivula, natulutsa kapepala kaja. Mayiyo anaika khadiyo pakompyuta n'kuseka.

"Iyi ndiye yakhuta, bambo. Mulibe malo ngakhale a chifuwa chokhacho. Tifufuteko zina. Sankhani zoti zipite."

Anayamba kuwaseweretsa imodziimodzi. Yoyamba bambo anati ayi, imeneyo anawapatsa mnzawo wa ku Mzimba. Yachiwiri ayi, uyo ng'ombe zinamufera, sangamuthamangitsenso. Yachitatu anatseka maso n'kuyamba kugwedeza phazi. Ndinaona kuti tigona pomwepo. Koma mwadzidzidzi anatsegula maso.

"Fufutani zonse."

"Zonse, bambo? Theka likhoza kutsala."

"Zonse. Kwathu kuno mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi. Nanga alendo ake a mkamwini angakhalepo bwanji?"

Mayiyo anadina. Sizinatenge nthawi ngakhale yomezera malovu. Bambo anapumira m'mwamba ngati awazula dzino, ndipo ndinawamvera chisoni chenicheni, ine amene ndinawakwiyira sabata yonse.

Titafika kunyumba bambo anatsamiritsa njinga pakhoma. Analowetsa khadi m'wailesi n'kuiika pamiyendo ya amayi. Agogo anatsokomola. Amayi anagwira pakamwa, misozi n'kutsika, koma ulemu sanaiwale. "Pepani, baba." Atamvera mpaka pomwe agogo akukalipira anyamata, anaseka akulira, n'kufunsa, "Nanga azungu anu aja mwawasiya kuti?"

"Ali pawailesi," anatero bambo. "Sadzasowa pogona."

Ndinkayesa kuti tsopano valimba izilira pakhomo m'mawa ndi madzulo. Ayi. Amayi anatenga khadiyo, anaimanga pamfundo ya chitenje, n'kunena kuti munthu wamkulu sadzutsidwa tsiku lililonse. Nthawi ya baba ndi Lamlungu masana, monga kale. Ndipo wailesi yathu ukailowetsa khadi, siteshoni imakhala chete.

Choncho ola lomwe bambo analikwerera chulu, mudzi wonse umalimva kupatula iwo. Lamlungu masana gitala amamveka chapatali, kwa aneba ndi panjinga za akabaza odutsa, ndipo nthawi zina ndimaona phazi lawo likufuna kugwedezeka. Kubawo anasiya kupita tsiku limenelo. Amakoka mpando wawo kuuika chapatali pang'ono ndi mphasa, monga achitira mkamwini. Amayi amamasula mfundo, amalowetsa khadi. Agogo akatsokomola, amayi amati, "Pepani, baba," ndipo bambo amavula chipewa.