Chiwongo Chopatsidwa cha Bambo Ngozo

Bambo Chrispine Ngozo ankagulitsa kachewere pa Nsipe, koma ankadziwika kwambiri ndi kunyadira Chingoni chawo. Povina ngoma ankauza aliyense kuti agogo awo anali msilikali woopsa. Mwana wawo Rute atafuna kukwatiwa ndi mlimi wa mpunga wa ku Bwanje, iwo anakana pamaso pa ankhoswe.

"Ife sitikwatirana ndi zidzukulu za akapolo," anatero.

Atakalamba, anayamba kuyendera abale akutali kuti adziwe bwino mbiri ya banja lawo. Ku Sharpevale, msuweni wawo, a Silvester, anawatengera kumanda akale.

"Agogo athu agona apa, kumbali kwaokha," anatero a Silvester. "Anagwidwa pankhondo ku Bwanje ali wamng'ono, n'kumaweta ng'ombe za Angozo. Chiwongochi anachita kupatsidwa."

Bambo Ngozo anangozyolika. Rute anali atakwatiwa kalekale iwo osapezekapo, ndipo adzukulu awo anali asanawaonepo. Anapalasa njinga mpaka ku Bwanje, koma atayandikira nyumbayo anaima pansi pa mtengo wa mango, kusowa poyambira. Mkamwini wawo ndiye anatuluka n'kuwalandira njinga.

"Lowani, bambo, dzuwali likuswa mtengo."

Analowa atagwira chipewa m'manja, akulephera kumuyang'ana kumaso.