Mudzi umene ndinafulashitsa

Kamakina kaja kankatulutsa mpweya wofunda pa timabowo ta pamwamba pake, wonunkhira pulasitiki, ndipo m'kati mwake munkalira kanthu ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Chinali chisanu cha Juni, chija chong'amba milomo, fodya atapita kale ku okushoni ndipo zigafa zitatsala mitengo yokhayokha. Ndinkakonda kuika zala pa timabowoto kuti zifunde. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, ndipo m'mudzi mwathu monse, kufupi ndi Mitundu, munalibe mwana wina amene anagwirapo chinthu chotere.

Kanabwera ndi maliro. Amalume anga a Fanuwelo, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi osabwerako, ndipo pobwera anabwera m'bokosi limene sitinaloledwe kutsegula. Tinakawaika kwawo, cha ku Nathenje. Ndikuti kwawo chifukwa manda ali komweko, koma mudzi weniweniwo unatha ine ndisanadziwe kanthu. Agogo atamwalira ana anabalalika, malo anagulitsidwa, ndipo pamene panali nyumba pali munda wa munthu wina wa m'tauni, wotchingidwa ndi waya. Amayi anatengedwa chitengwa kubwera ku Mitundu, ndipo za kwawo sankazikamba.

Tsiku logawa katundu wa malemu, akuluakulu anayala mphasa n'kukhuthulirapo chikwama. Munatuluka majekete awiri, bulangete, nsapato za chitsulo kutsogolo ndi foni yosweka galasi. Pansi penipeni panali kachikwama kakuda kolimba, ndipo m'kati mwake munali chinthu chotalika ngati njerwa koma chopyapyala, galasi pakati, mabatani uku ndi uku. Wina anati ndi foni ya mabwana, wina anati ndi wailesi. Mnyamata wina amene anabwera ndi maliro kuchokera ku Joni ananena motsitsa mawu kuti ndi gemu. Mkulu amene ankagawa anachikankhira pambali ndi chala. "Za ana izi. Apatseni a Nabanda, ali ndi mtsikana wa pasukulu." Amayi analandira ndi manja awiri, koma ndinaona kuti manyazi awagwira mpaka m'khosi. Ulendo wonse wobwerera anayankhula kamodzi kokha. "Zaka zonsezi, bambo wandevu zake, n'kumagula zidole."

Ine za magemu ndinkazidziwa mwakuba. Kuseri kwa msika wa Mitundu kunali tizisakasa ta mphasa momwe anyamata ankapanikizana kutsogolo kwa TV, ndipo ife atsikana tinkangosuzumira pamng'alu tikatumidwa mafuta ophikira. Kumeneko gemu inali chinthu chogwirika. Inali disiki, imene mwini chisakasa ankaiuzira mpweya n'kuipukuta pa malaya asanailowetse m'bokosi la pansi pa TV. Bokosi likafa, disiki ankailowetsa m'bokosi lina, mpira n'kupitirira. Choncho chinthu choyamba chimene ndinafufuza pa kamakina ka amalume chinali polowetsera disiki, ndipo ndinadabwa kupeza kuti kalibe pakamwa. Koma nditakatchajitsa kometera kwa a Lemani, kanayaka n'kuonetsa zithunzi za magemu ambirimbiri, zondandalikana ngati katundu wa m'golosale. Ndinaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti magemuwo ali m'kati momwemo ngati nthanga m'dzungu.

Ambiri ankakana kutseguka, ati akufuna intaneti. Imene inatseguka inandikhumudwitsa. Munalibe mpira, munalibe galimoto, munalibe womenyana naye. Munthu unkangoyenda m'dziko lomangidwa ndi timabokosi, kuona kanjira, mitengo, nyumba zofolera udzu ndi khola lopanda kanthu. Ndinali kuseri kwa khitchini masana ena, ndikuyendayenda m'menemo chifukwa chosowa chochita, pamene amayi anabwera ndi lichero la chimanga kudzandikalipira za mbale. Anaima kumbuyo kwanga, ndipo kukalipa kuja sikunabwere.

"Taima, iwe Esinati. Bwerera m'mbuyo pang'ono," anatero. Ndinabwerera. "Ukhotere kumanzere kwa mtengowo. Kuli chitsime."

Ndinakhota, ndipo chitsime chinalipodi. Amayi, amene foni yawo yomwe ankachita kundipempha kuti ndiwaimbire, ankadziwa njira za m'gemu ya ku Joni. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, chimanga chikutayikira nkhuku, n'kuyamba kutchula zinthu ndisanazifike. Mkuyu uja unali wa pabwalo la kwawo. Nkhokwe zinali ziwiri, ina yopendekeka chifukwa agogo aamuna sankamva za munthu pomanga, ndipo amalume anaipendeketsadi. Panali chulu chimene Fanuwelo anagwapo n'kuguluka dzino. Mudzi wonse wa ku Nathenje, umene unatha kalekale, amalume anali ataumanganso m'gemumo, ndipo unali m'manja mwanga.

Kutsogolo kwa njira ya kudimba tinapeza nyumba imene amayi sanaidziwe. Inali ya njerwa, ya zipinda zinayi, mawindo oikaika, koma denga linali lisanafoleredwe. Pakhomo pake panali kachikwangwani, ndipo amayi anawerenga okha, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Panalembedwa kuti PA ALONGO. Pamaliro amayi analira monga amalirira anthu onse, mokweza, pamodzi ndi anzawo. Koma kuseri kwa khitchini kuja anangodziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, popanda mawu. Ndinachita mantha, chifukwa ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira choncho.

Kuyambira pamenepo chidole chija chinasanduka chinthu china pakhomo pathu. Batire yake sinkafika maola awiri, ndiye m'mawa uliwonse popita kusukulu ndinkakasiya kwa a Lemani, n'kukatenga poweruka. Ntchito zikatha, dzuwa litapendeka, amayi ankayala mphasa pamalo pofunda n'kundiitana kuti, "Tiye kwathu." Mabatani sanawagwirepo ngakhale kamodzi, ankangoloza ndi chala, ine n'kumayendetsa. Anandiletsa kusuntha kanthu, ngakhale kabokosi kamodzi. Abambo poyamba ankaseka, kenako anasiya. Azimayi ena ankanong'onezana kuti zinthu za anthu akufa sasewera nazo, koma amayi analibe nazo ntchito. Pa mphasa imeneyo ndi pamene ndinadziwira kuti amayi anga anakhalapo mwana, kuti ankaba nzimbe, ndiponso kuti mlongo wawoyo anamulera ndi iwo kuyambira ali wakhanda. Ankaseka kwambiri masiku amenewo, ndipo ine ndinkanyada ngati mudziwo ndinamanga ndine.

Chimene chinandipweteketsa ndi matama. Anyamata a kometera, omwe kale sankandiona n'komwe, anayamba kunditchula asisi. Pakati pa magemu okana kutseguka panali ya mpira, ndipo tsiku lina anandinyengerera kuti angolumikiza kamakinako ku intaneti ya pafoni, kanthawi kochepa chabe. Ndinavomera, chifukwa ndinkafuna andione ngati mwini chinthu. Kamzere kanayenda pagalasi pafupifupi ola lathunthu, kenako kamakina kanazima n'kuyakanso kokha. Zithunzi zija panalibe. Panali dzina la amalume lolembedwa mwachilendo, manambala kumapeto, ndipo pansi pake panali mpata wofuna pasiwedi. Nditadzutsa mutu, anyamata aja anali atamwazika ngati anapiye oona kabawi.

Masiku atatu ndinanama kuti ku Mitundu magetsi azima, bodza limene kwathu kuno palibe amene angalitsutse. Amayi ankangoti, "Chabwino, mawa," n'kupinda mphasa yawo. Ine ndinkabisala m'chigafa n'kumayang'ana dzina lija mpaka ndinaliloweza. Tsiku la msika ndinathawa kusukulu n'kupita kwa a Jemusi, okonza mafoni, amene anthu ankawatchula a Injiniya. Anali ndi kabenchi pakhonde la sitolo, laputopu yomangidwa ndi selotepi, ndi bokosi lodzaza mafoni akufa. Mabokosi a magemu a m'tizisakasa tija akavuta ankakonzanso ndi iwo, ndipo Mitundu yonse inkadziwa kuti palibe loko imene inawakanika.

Anakatembenuza uku ndi uku mosirira. "Iyitu ndi kompyuta yeniyeni, mwana iwe, angoichepetsa. Yangodzitseka basi. Tiifulasha." Kufulasha aliyense ankakudziwa. Foni ikaiwalika pasiwedi, a Injiniya ankaitsuka m'kati n'kuyamba ngati yatsopano. Ndinawafunsa ngati mudzi wa m'katimo suchoka. "Magemu amakhala m'makina, ngati mabokosi a TV aja. Ife tingochotsa loko." Ndinafunsanso kachiwiri, iwo n'kuseka, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinati fulashani. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa kawiri ndipo phulalo ndinadyabe.

Ntchitoyo inatenga mpaka masana. Ndinakhala pansi pafupi ndi mayi wogulitsa mbatata yootcha, fumbi la msika likundilowa m'maso, ndikuwerenga njinga za kabaza. Kenako kamakina kanayaka, kowala bwino, n'kutilonjera m'zilankhulo zambirimbiri. A Injiniya anamwetulira n'kudina apa ndi apo. Kumwetulira kuja kunayamba kuchepa. Munalibe gemu ngakhale imodzi, ndipo kanali kakufunsabe dzina ndi pasiwedi. Anaimbira mnzawo wa ku Lilongwe, n'kuika foni pokweza mawu kuti nane ndimve. Mnzawoyo anafunsa kawiri ngati afulashadi. Anati makina amenewa sali ngati mabokosi akale. Magemu si a makina, ndi a akaunti ya munthu amene anawagula, ndipo zimene zinasungidwa m'katimo zapita ndi kufulashako. Popanda pasiwedi ya mwini wake, chimene tagwira ndi chikho chopanda kanthu.

"Mwini wakeyo ali kuti?" anafunsa mawu a pafoni.

A Injiniya anandiyang'ana, ine n'kunena kuti tinawaika ku Nathenje. Anavula kapusi yawo n'kuigwira m'manja. Sindinkamvetsa kuti chinthu chingakhale chako, akuluakulu atakupatsa pamphasa anthu onse akuona, koma za m'kati mwake n'kukhala za wina.

Amayi ndinawauza madzulo omwewo, ali pamtondo. Ndinkafuna andimenye, ndipo ndinaima pafupi dala, koma sanandikhudze. Anangosiya munsi n'kufunsa kuti pasiwedi n'chiyani. Nditawauza kuti ndi mawu achinsinsi amene munthu amasankha yekha, nkhope yawo inamasuka. M'mawa mwake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, tinayenda wapansi mpaka ku Mitundu, ndipo anakhala pa benchi ya a Injiniya ngati ali pa mzere wa kuchipatala. Ine ndinalemba dzina ndinaloweza lija, iwo n'kumatchula mawu. Anayamba ndi dzina la agogo aakazi. Kenako la agogo aamuna, la mudzi, la galu amene anali naye ali ana, la mtsikana amene amalume ankamufuna asanapite ku Joni, ngakhale dzina lonyoza limene ankawatchula ataguluka dzino. Lililonse kamakina kankalikana ndi timalemba tofiira, ndipo pena kankatiuza kuti tidikire kaye. Tinkadikira, n'kuyambiranso.

"Ndinamubereka kumbuyo kuno ine," anatero amayi dzuwa lili pamutu, osayang'ana aliyense. "Mawu ake amodzi okha ndingawasowe?"

Anawasowa. Anthu ogula mayunitsi anali atayamba kuima n'kumaonerera, ndipo amayi anadzuka, n'kukonza chitenje chawo, n'kuthokoza a Injiniya mwaulemu. Panjira anati, "Basi, mudzi wagwanso. Madzi akatayika saoleka." Kamakina anakakulunga m'nsalu n'kukaika pansi pa sutukesi. Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa mapesi, mphasa ija inali itabwerera ku ntchito yake yoyanikapo ufa, ndipo za kwawo sanazikambenso.

Pa zaka zonse zotsala za ubwana wanga ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti ndinagwetsa mudzi wa amayi anga ndi mawu amodzi. Pano ndimagwira ntchito mu shopu yokonza makompyuta ku Lilongwe, ndipo timakina totere timabwera kawirikawiri. Ndimaona munthu akugula katsopano, n'kulemba dzina ndi pasiwedi, magemu ake onse n'kumutsatira, ngakhale pa laputopu kapena pa TV, pamodzi ndi zonse zimene anamanga. Zimatheka chifukwa gemu ikaona intaneti imatumiza zimene wamanga ku makompyuta a kampani, kutsidya kwa nyanja. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinakhala pansi monga anakhalira amayi kuseri kwa khitchini. Amalume ku Joni intaneti anali nayo. N'kutheka kwambiri kuti mudzi uja sunagwe, uli chiimire kwinakwake, pa dzina la munthu amene kampaniyo sikudziwa kuti anamwalira, ndipo malamulo ake salola kuti akaunti igawidwe ngati jekete.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti palibe chopweteka kuposa kuwononga chinthu. Amayi anakhulupirira kuti mudzi wawo unagwa, analira, ndipo anapitiriza moyo. Ndikapita ku Mitundu amandifunsa za ntchito, n'kumauza anzawo monyada kuti mwana wawo makina onse amawadziwa. Ine ndimangovomera. Kuti kwawo kukadalipo koma sadzalowako, sindinawauze.