Diso Lamanzere la Mayi Durga

Ine ntchito yanga ndi yomanga udzu. Sukulu ndinaisiya m'kalasi yachinayi, aphunzitsi ataona kuti m'mutu mwangamu mulinso udzu womwewo. Ndimamanga mafupa a mafano: nsungwi, udzu ndi chingwe, kenako ena amamata dongo la mumtsinje. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikumangira achimwene a Bhabesh Pal m'kanjira kathu ka oumba kuno ku Kolkata, ku India, moti manja khumi a Mayi Durga, mulungu wathu wamkazi, ndimawamanga nditatsinzina.

A Bhabesh ndi munthu wamfupi, wamimba ngati mtsuko, wosalankhula m'mawa. Kuumba amaumba ngati wina aliyense, koma chimene anthu amawadziwira ndi maso. Fano limauma, limapakidwa utoto, limavekedwa, koma maso amajambulidwa tsiku limodzi lokha, m'mawa wa tsiku loitana Mayi kuti atsike. Ndipo kwathu kuno diso ukalijambula, walijambula. Mayi ayamba kuona. Ndani angatenge chisanza n'kufufuta diso la mayi ake?

Vuto la a Bhabesh n'lakuti dzanja lawo lili ndi masiku ake. Lero liyenda ngati nsomba m'madzi, mawa likhala ngati lobwereka. Sikuti limanjenjemera. Adokotala analiyeza n'kunena kuti lili bwino kuposa lawo. Limangokana basi. Tsiku lotero iwo sakagona ayi. Amakhala pakhomo ndi mapale a timakapu tadongo tomwera tiyi, n'kumajambula diso pa phale lililonse mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndimadutsa n'kutolapo limodzi.

"Achimwene, diso ili ndi la mbuzi ya ndani?"

"Choka apa, Kanai."

"Kapena ndi apongozi anu akuyang'ana nsomba ya m'mbale ya mnzawo?"

"Kamange udzu wako. Wotsala ubwezere m'mutumo."

Kawirikawiri masiku otere amakhala awiri kapena atatu. Chaka chino anayamba mvula ili mkati ndipo sanathe. Masabata atatu, mapale anadzaza dengu. Alamu a Shefali, akazi awo, anayesa zonse: nsomba ya njere za mpiru, mafuta otikita dzanja, kukalipa, kusalankhula.

"Alamu, mwayesa kuwabisira burashi?" ndinawafunsa.

"Ndinabisa. Anajambula ndi chala pakhoma la kubafa. Pano ndikamasamba maso asanu ndi awiri amandiyang'ana, onse opotoka."

Fano lalikulu m'shedi mwathu linali la komiti ya anthu a kuseri kwa njanji. Anthu amenewa anayamba kutenga Durga wawo kwa bambo awo a Bhabesh, ndipo chaka chilichonse amabwera kudzaonerera maso akujambulidwa. Koma mlembi wawo watsopano, a Sudipto, anali atayamba kale kutamanda shedi ya kumapeto kwa kanjira, kumene amaika pepala loboola pankhope n'kupopera utoto, maso onse ofanana ngati mabisiketi. Tonse tinkadziwa kuti diso likaphonya, komiti yapita.

Kutatsala tsiku limodzi ndinawanong'oneza a Bhabesh. "Achimwene, ndikabwereke pepala loboola lija? Sindiuza munthu. Ndingouza alamu ndi wogulitsa tiyi."

Sanaseke. Anayang'ana dzanja lawo, nalitembenuza. "Likakana umapita nalo kuntchito lomwelo. Lina ndilitenga kuti?"

M'mawa anasamba, sanalawe kanthu, anakwera pabenchi. A komiti asanu anaima kumbuyo atavula nsapato, ine nditagwira kambale ka utoto. Diso lakumanja linatuluka bwino ndithu, lalitali mpaka kukhutu, moti ndinamva a Sudipto akutulutsa mpweya. Kenako lamanzere. Burashi inayenda, n'kufika pakati, n'kuima kaye, ngati munthu woiwala chimene walowera m'chipinda. Itapitiriza, mwanadiso anakagwera pambali. Mayi ankayang'ana chiwanda chimene akuchibaya ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana kukhomo ngati akudikira munthu amene wachedwa.

Nthabwala inandifika pakamwa, yabwino kuposa zonse zimene ndinanenapo, ndipo ndinaimeza. Mpaka lero ikundikhala pakhosi.

"Amisiri," anatero a Sudipto motsitsa mawu, "sizingakonzeke?"

"Mayi akuona kale," anayankha a Bhabesh ali pabenchi pomwepo.

"Pang'ono pokha, ndi utoto woyera."

A Haripada, wamkulu wa komiti, amene anawadziwa a Bhabesh akukwawa, anatembenuka. "Iwe Sudipto, ukufuna kuthira laimu m'diso la Mayi? Yamba ndi lako tione."

A komiti anawatenga Mayi choncho. Kwawoko anagwetsera tsitsi kumanzere kwa nkhope, nyali n'kuziika mbali inayo. Zinathandiza ngati ambulera yobooka. Masiku asanu anthu anapembedza, ng'oma zinalira, ana ankaloza ndi chala amayi awo n'kumawamenya padzanja. A Bhabesh anapitako kamodzi, anaima kutali kuseri kwa wogulitsa mabaluni, n'kubwerera osalandira ndi chakudya cha mdalitso chomwe.

Tsiku lomaliza tinawaperekeza Mayi kumtsinje kukawamiza monga mwa nthawi zonse. Madzi anayamba ndi miyendo, kenako mkango umene Mayi amakwera, kenako manja anga khumi aja, nkhope pamapeto. Pagombe a Haripada anagwira dzanja la a Bhabesh nthawi yaitali. Anafunsa za mawondo, za alamu, za denga la shedi. Za chaka chamawa sananene, ndipo tonse tinamva.

M'mawa mwake mafano ang'onoang'ono a Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, okwana makumi atatu anali atandandalikidwa pathabwa, nkhope zili mbee, chikondwerero chawo chitatsala masiku anayi. Ndinawapeza a Bhabesh akusakaniza utoto wakuda ndi kamtengo.

"Dzanja labwerera?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga?"

"Nanga chiyani? Tandipatsa woyambayo. Umugwire bwino, ndipo pakamwapo utseke."

Ndinamugwira ndi manja awiri. Iwo anaviika burashi, naitsitsa pang'onopang'ono, ine n'kuyang'ana kudenga.